Chithunzi Chokhacho cha Adada

Adada anajambula theka la Mzuzu, koma iwowo sankalola kujambulidwa. Maukwati a ku Mchengautuwa, maubatizo, ana a sukulu ya mkaka atavala timagauni, amayi a mvano atandanda kutsogolo kwa tchalitchi, onsewo anadutsa pamaso pa kamera yawo. Ukawauza kuti tsopano imani inuyo, ankangoseka n'kukulanda kamerayo. Atamwalira, nthawi yomanga chiliza itayandikira, tinagwedeza nyumba yonse kufuna chithunzi choika pamwalapo. Tinangopeza cha pachiphaso, chaching'ono ngati chikhadabo, nkhope ili ndwii ngati munthu amene wagwidwa ndi nkhuku ya eni.

Chithunzi chabwino chinalipo chimodzi chokha. Amene anachijambula ndi amama, tsiku lina adada ataiwala kamera pampando. Anali ataima pakhomo la kasitudiyo kawo, akuseka mano onse panja, kolala ya malaya itapindikira m'kati. Chinali chopendekeka chifukwa amama anali asanagwirepo kamera chibadwire. Adada anachinyoza kuti n'chaumbuli, koma anachisunga mu kompyuta, mu foda ya zithunzi zapakhomo, ndipo sanachitsukitse.

Kompyutayo ndiyo inali mutu wa nkhani. Situdiyo itatsekedwa adada anabweretsa kompyutayo kunyumba n'kuikhazika pakona ya pabalaza, amama n'kumaifunditsa nsalu yoluka ngati wailesi. Inali ya bokosi, sikirini yake yagalasi yotupa kumbuyo, ndipo ukaiyatsa inkalira ngati chigayo chakutali. Mabowo olowetsa fulashi anapsa chaka china mphezi itagwa pafupi ndi nyumba. Chosewerera masidi chinkangowerenga, sichinkalemba. Njira yokhayo yotulutsira kanthu m'menemo inali waya wotuwa wopita ku karauta ka intaneti.

Mlongo wanga, wamng'ono kwa ine, asanapite ku Joni anaikamo pulogalamu yosunga mafayilo kutali, kumene iye ankakutcha kilawudi, amama n'kumangoti kumitambo. Anatifotokozera kuti pa kompyuta pali foda, kumitamboko kuli foda ina pa akaunti yake, ndipo ntchito ya pulogalamuyo ndi kuonetsetsa kuti ziwirizi zikufanana. Mawu akuti kufanana ndinawamva, koma sindinawatafune. Ndinangokondwa kuti zithunzi za adada zili malo awiri.

Choncho mmisiri wa ziliza atatiuza kuti akufuna chithunzi msanga, chifukwa thailosi yachithunzi amakaiotchetsa ku Lilongwe ndipo imachedwa, sindinade nkhawa. Ndinaimbira mlongo wanga.

"Nditumizire chithunzi chija cha adada ali pakhomo la situdiyo."

Kumbuyo kwake kunkamveka magalimoto.

"Asisi, kuno sichikuoneka."

"Sichikuoneka bwanji? Si unati zonse zili kumitambo?"

"Kompyuta ya adada inasiya kulumikizana kalekale. Mungoikonza, zonse zikwera zokha. Musadandaule chomene."

Munthu akandiuza kuti musadandaule, ine ndi pamene ndimayamba kudandaula. Ndinavundukula kompyuta n'kuiyatsa. Inatenga nthawi yoti munthu angatereke madzi n'kumwa tiyi. Chithunzicho chinalimo, adada akuseka, kolala yopindika ija. Koma kachizindikiro ka pulogalamu pakona kanali kotuwa, ndipo nditakadina panatuluka uthenga wa Chingerezi chaulemu kwambiri, wonena kuti sisitimu ya kompyutayi ndi yakale ndipo saithandizanso. Ndinayesa kutsegula imelo kuti ndidzitumizire chithunzicho. Tsamba lililonse linkakana, likuti kulumikizanako si kotetezeka. Kompyutayo inali ngati nkhalamba imene yafika pa ofesi pamene onse amene ankaidziwa anapuma ntchito.

Ndinatenga foni yanga n'kujambula sikiriniyo, amama ataima kumbuyo kwanga akusuzumira. M'mawa mwake ndinakamuonetsa mmisiri wa ziliza. Anachikuza ndi zala ziwiri n'kupukusa mutu.

"Yayi, mama. Onani mizere iyi. Ndipo apa pali chithunzithunzi cha munthu pagalasi. Ichi chikapita pathailosi, mudzanditukwana pamanda pomwepo. Ndipatseni fayilo yeniyeni."

Ndinabwerera kunyumba nditaganiza kale chochita. Kunyamula bokosilo, kukwera nalo kabaza mpaka m'tauni, okonza makompyuta atsegule, achotsemo diski, nkhani ithe. Ndinali nditayamba kuzula mawaya pamene amama analowa.

"Ukupita nayo kuti?"

"Kwa okonza, amama. Ibwera lero lomwe."

"Yayi. Ikhazike pomwepo."

Adada aang'ono, mng'ono wawo wa adada amene amakhala ku Nkhata Bay, anali atanena pamaliro kuti katundu wa malemu asatuluke m'nyumba, asagulitsidwe, asaphwasulidwe, mpaka abale adzakhale pansi chiliza chikatha. Njinga, masuti, kamera, zonse zinali pamalo pake. Amama anali atasunga mawuwo ngati lamulo la m'Baibulo, osati chifukwa choopa adada aang'onowo, koma chifukwa sankafuna kuti tsiku logawa katundu wina adzatsokomole n'kunena kuti mayiyu anayamba kale kusuntha zinthu.

"Amama, ndani adzadziwe?"

"Mchengautuwa yonse. Ukuganiza kuti ungadutse ndi chibokosi chimenecho pakabaza anthu osaona?"

"Ndiye abwere kuno adzatsegulire pano."

"Sikuludiraiva isakhudze chinthu ichi. Adzati tachotsamo zamtengo. Ine ndakalamba, mwana wane, sindikufuna milandu."

Kumutu kunandiwira. Ndinanena zambiri zimene sindizilemba pano. Amama anangotenga nsalu yoluka ija n'kuifunditsanso kompyuta, ngati akutseka pakamwa panga.

Ndinapita ndekha kwa wokonza makompyuta, bambo wina wa kashopu kopanikizika kuseri kwa msika, amene ankalankhula uku akuwotcherera waya, osandiyang'ana. Nditatchula dzina la sisitimuyo anaseka mpaka anaika chowotchereracho pansi.

"Imeneyo ikadali moyo? Muitengere ku myuziyamu, asisi."

"Sindinabwere kudzasekedwa."

"Pepani. Bwerani nayo."

"Singatuluke m'nyumba. Ndi ya malemu."

Apo anasiya kuseka, chifukwa nayenso ndi mwana wa kuno ndipo zimenezi amazidziwa. Anaganiza pang'ono, kenaka anafukula m'kabati sidi yopanda kanthu n'kundilembera zinthu ziwiri: pulogalamu yomweyo koma yakale, imene inkagwirizana ndi sisitimu ya adada, ndi kachigamba kothandiza kompyuta yakale kulankhulana ndi intaneti ya masiku ano. Anandilangiza kuti ndiyambe ndakonza deti, chifukwa kabatire kosunga nthawi m'kati mwa makompyuta otere kamakhala katatha, ndipo kompyuta imene ikuganiza kuti tili chaka chakalekale palibe amene amaikhulupirira. Anatinso ndiletse pulogalamuyo kudzikonza yokha, chifukwa ikangodzisintha kukhala yatsopano ifanso.

"Zikagwira, musachedwe. Zinthu zoterezi lero zigwira, mawa akutsekerani."

"Yewo chomene," ndinathokoza.

Masiku otsatirawo ndimawakumbuka ndi kupweteka kwa khosi. Ndikaweruka kuntchito ndinkafikira pakona paja ndisanavule n'komwe nsapato. Deti inalidi yolakwika. Kompyutayo inkakhulupirira kuti ine ndikadali ku sekondale. Ndinaikonza, ndinaika kachigamba, ndinayamba kuika pulogalamu, kamzere kakuyenda ngati bilimankhwe. Katatsala pang'ono, magetsi anazima. Atayaka, deti inali itabwerera kwawo, ndipo ndinayambiranso. Ulendo wina zonse zinalowa bwinobwino, koma ndinachedwa kupeza pamene amaletsera kudzikonza kuja, ndipo ndikuyang'ana chonchi pulogalamuyo inadzisintha, n'kundipatsanso uthenga waulemu uja. Ndinamenya tebulo mpaka mausi inagwa.

"Ukaswa, ukayankhe wekha ku Nkhata Bay," anatero amama ali kukhitchini.

Panalinso vuto la kulowa mu akaunti. Nthawi iliyonse pulogalamuyo inkafuna nambala yachinsinsi imene inkapita pa foni ya mlongo wanga ku Joni, ndipo nambalayo inkafa msanga. Iye ankakhala ali pantchito, foni ili m'thumba. Akaiona n'kunditumizira, ine n'kuilemba pa kiyibodi imene mabatani ena ankafuna kuwakanikiza ndi mphamvu, inkakhala itatha kale ntchito. Tinkayambiranso. Mmisiri wa ziliza naye anali ataimba kale kuti mnzake wopita ku Lilongwe anyamuka kumayambiriro a sabata, ndipo ngati chithunzi sichipezeka angolemba dzina ndi vesi basi. Madzi anali atafika m'khosi.

Linali Loweruka masana pamene zinagwira. Kunja kunali kamvula kathu ka Mzuzu kosadziwa kuleka, nkhungu itaphimba mbali ya Kaning'ina. Ndinali nditagula bandulo yokwanira, ndinakonza deti, ndinaletsa zoletsa, mlongo wanga anali pa foni kudikira, ndipo nambala inalowa isanafe. Kachizindikiro kotuwa kaja kanasanduka kabuluu, timivi tiwiri tikuzungulirana.

Ndinakuwa. Amama anatulukira akupukuta manja pachitenje.

"Chachitika n'chiyani?"

"Yagwira, amama! Zikukwera!"

"Nadi?"

Anakoka mpando n'kukhala pambali panga. Ndinadula foni ya mlongo wanga n'kutsegula foda yaikulu ija kuti tizionera podikira. Munali mafoda ambirimbiri, adada atawasanja mwa zaka ndi mwa zochitika. Tinatsegula ya ukwati wina, amama n'kuyamba kuloza: uyu anasamukira ku Nkhorongo, awa banja linatha, uyu ndi amene ankaimba mokweza kuposa kwaya yonse. Ndinali ndisanawamve akuseka chonchi chimwalirire adada.

Kenaka chithunzi chimene ankaloza chinasowa pansi pa chala chawo.

Ndinaganiza kuti ndi ulesi wa kompyuta. Ndinadina kuti tsamba lidzikonze. Zithunzi zinatsalamo zochepa kuposa poyamba. Ndikuyang'anabe, mzere wonse unachoka, wam'munsi n'kukwera kudzatenga malo ake, nawonso n'kuchoka. Ndinabwerera ku foda yaikulu. Mafoda apamwamba, a zaka zoyambirira, panalibe.

"Zikupita kuti?" anafunsa amama.

"Mwina ndi mmene zimakwerera."

Ndinanena zimenezo uku ndikutola foni. Ndinaimbiranso mlongo wanga. Foni inaitana, inaitana, mafoda akusowa imodzi imodzi ngati mbewu zimene nkhuku ikutola.

"Iwe, zithunzi zikusowa pa kompyuta. Kumeneko zikufika?"

"Zikusowa bwanji?"

"Ndikukufunsa iweyo! Kumitamboko kuli chiyani?"

Anayamba kulankhula mothamanga. Anati malo ake kumitambo anadzaza miyezi yambiri yapitayo, foni ikukana kulandira ngakhale makalata a kuntchito. Anaona kuti foda ya adada ndi imene yadya malo onse, ndipo poti zonse zinali pa kompyuta kunyumba, anaifufuta kumeneko. Anati ankadziwa kuti tsiku lina tikadzalumikiza zidzakweranso, ndipo anali atagula kale malo ena kuti zikwane.

"Kompyuta ndiye nkhokwe, asisi. Kuno kunali kongosungirako."

Apo ndi pamene mawu aja akuti kufanana ananditsegukira. Pulogalamuyo sinkadziwa nkhokwe kapena dengu. Inkangodziwa kuti mbali ziwiri zifanane, ndipo mbali imene inasintha komaliza inali yopanda kanthu. Miyezi yonse imene pulogalamuyo inali yakufa, ukalamba wa kompyutayo ndi umene unkateteza zithunzi za adada. Ine ndinali nditatha sabata ndikulimbana kuti ndiutsegulire khomo moto.

Foni ndinaiponya pampando osadula. Waya wa intaneti unali kumbuyo kwa bokosi, bokosilo litakanikizidwa kukhoma, tebulo lake lolemera la mlombwa. Ndinagwada, ndinalowetsa mkono, ndinagwira waya wina n'kukoka, koma unali wa kiyibodi. Ndinagwira wina, koma kachotsekera kake kanakana. Karauta kanali pamwamba pa kabati, ndipo m'mutu mwanga simunabwere zoti ndikazimitse komweko. Ndinkangomva chigayo chija chikulira pafupi ndi khutu langa.

Kenaka kunangoti zii.

Nditatulutsa mutu ndinapeza amama ataima pakhoma, pulagi ya magetsi ili m'manja, akupuma mwamphamvu. Amama amene ankatikalipira tikazimitsa kompyuta ya adada osatsata ndondomeko anali ataizula yamoyo.

Pa mpando paja mawu a mlongo wanga ankamvekabe pang'onopang'ono, akuitana asisi, asisi. Ndinakoka tebulo, ndinazula waya wotuwa uja bwinobwino, ndinazimitsa karauta n'kukaika kuchipinda, ngati kangathe kulumikizana kokha. Kenaka ndinabwezera pulagi. Chala changa chinakhala pa batani nthawi yaitali.

"Yatsa," anatero amama. "Chimene chachitika chachitika."

Nthawi yoyaka ija, imene kale inkandinyansa, tsiku limenelo ndinkafuna isathe. Foda yaikulu inatseguka. Mafoda ambiri a zaka zomalizira analipo: maukwati a eni, maubatizo a ana a eni, anthu osawadziwa akumwetulira. Ndinatsika, ndinakwera, ndinalemba dzina la foda ya zapakhomo pofufuzira. Panalibe. Ndinatsegula bini ya pa kompyuta, ndikupemphera mumtima. Inali yopanda kanthu, chifukwa adada, poona kuti diski yadzaza, anaikonza kalekale kuti chofufutidwa chizipitiratu. Ndinafunsa mlongo wanga ngati kumitamboko kulibe bini. Anati iliko, koma imadzikhuthula yokha pakapita nthawi, ndipo nthawiyo inadutsa kale.

Ndinalira, ndipo sikunali kulira kwachisoni kokha, kunali kwaukali. Ndinamuuza mlongo wanga kuti anapha adada kachiwiri. Ndinakwiyira wokonza makompyuta amene sanandichenjeze kuti ndiyambe ndakopera chithunzicho panja pa fodayo, ndinakwiyira adada aang'ono ndi malamulo awo, ndinakwiyira adada amene anajambula tauni yonse n'kutisiyira nkhope yawo pamalo amodzi. Mlongo wanga anali akadali pa foni. Ndinkangomva akufwenthera.

Amama anandilanda foni.

"Mwana wane, leka kulira pamsewu, anthu akuona. Ugule tikiti ubwere ku chiliza. Nkhope ya adada ako ine ndikuidziwa."

Anadula, n'kundibwezera foniyo.

"Chija unajambula pagalasi chilipo?"

"Chilipo, koma anachikana."

"Anakana iwe. Lolemba tipitira limodzi."

Lolemba amama anavala zakuda zawo ndi duku, tinakwera takisi mpaka kwa mmisiri uja. Anatilonjera mwaulemu, anawapatsa amama mpando, kenaka anayambanso nyimbo yake ya mizere ndi chithunzithunzi cha pagalasi. Anati atha kuyesa kufufuta chithunzithunzicho pa kompyuta, koma phewa la malemu liwonongeka.

"Musafufute kanthu," anatero amama. "Zofufuta zatikwana. Muike mmene chilili."

"Mama, anthu adzati ndine amene ndalephera ntchito."

"Adzabwere kwa ine."

Chiliza tinachivundukula kumudzi kwa adada, kumtunda kwa Nkhata Bay, dzuwa likuswa mtengo. Abusa atapemphera, nsalu yoyera inachotsedwa, anthu n'kuyandikira. Adada anali pamenepo, opendekeka, akuseka, kolala yopindika, timizere totuwa tikudutsa pankhope pawo kuchokera uku kufika uko. Pamwamba pa phewa lawo lamanzere panali chithunzithunzi chofowoka, mutu wovala duku, utaweramira kutsogolo ngati ukusuzumira.

Adada aang'ono anavala magalasi awo n'kuwerama.

"Mlamu, nanga uyu ali kumbuyoyu ndani?"

"Ndine," anatero amama. "Chithunzicho ndinajambula ndine. Mumafuna ndisakhalemo?"

Ena anaseka, ena anapukuta maso. Ine ndinali ndisanalankhulane ndi mlongo wanga chifikire. Anali atafika usiku wa dzulo lake, wowonda, maso ali pansi, ndipo ndinkamuzemba. Anthu atayamba kubwerera kunyumba kukadya, ndinacheuka n'kumuona atatsalira yekha. Anagwada pachiliza, anatulutsa kampango m'thumba, n'kuyamba kupukuta thailosi ija. Ankapukuta timizere tija, kupumirapo mpweya, n'kupukutanso, ngati ndi fumbi la pamsewu.

Ndinafuna kumuuza kuti sizichoka. Ndinabwerera, ndinagwada pambali pake, n'kumugwirira jekete kuti lisade.